Zaka Zimene Atate Anadula

Atate anga anali aang'ono kwa mng'ono wawo ndi zaka zinayi. Musaseke, pa reji zinalembedwa choncho. Reji ndi chitupa chija cha boma chimene aliyense kuno amayenda nacho, cha chithunzi, dzina ndi chaka chobadwa. Kubadwa kwenikweni atate ndiwo anayamba, atate aang'ono n'kudzawaponda pamutu patapita zaka zitatu. Koma papepala zinthu zinatembenuka.

Nkhani yake tinkaidziwa tonse, chifukwa atate ankaikonda kuposa nkhani zina zonse. Anachoka kwathu ku Katete ali mnyamata, atatengedwa ndi amalume awo amene ankagwira ntchito ku Chalimbana. Tsiku lokatenga reji, amalumewo anawakokera pambali n'kuwanong'oneza kuti, "Iwe ndiwe wochepa thupi, ndevu ulibe. Ukalowa umo udule zaka zisanu ndi ziwiri. Anzako akamadzapuma ntchito, iwe udzakhala ukudyabe." Atate analowa, anadula, ndipo kalaliki analemba osakweza n'komwe mutu.

Zinayendadi monga ananenera amalume. Atate anagwira ntchito pa sukulu ina kumeneko, poyamba yosamalira maluwa, kenako yosunga makiyi a chipinda cha zipangizo. Anzawo a msinkhu wawo atauzidwa kuti akapume, iwo anatsala akukwera njinga m'mawa uliwonse. Zaka zisanu ndi ziwirizo tinadya ndife ana. Ndi zimene zinandiphunzitsa ine kusoka, zinafolera nyumba ya ku Bundabunda ndi malata, zinagula ng'ombe ziwiri zolimira. Atate aang'ono akabwera kudzacheza, atate ankanyamuka pampando n'kunena kuti, "Khalani apa akulu, ife ana tikhala pansi." Tinkaseka mpaka misozi, ngakhale tinali titamva kambirimbiri.

Ine ndine woyamba kubadwa, ndipo aliyense amati ndinatengera atate. Ndimasoka pamsika wa Chongwe, mayunifolomu a ana asukulu ndi madiresi a ukwati. Funsani aliyense pamsikapo, chibadwire sindinagulepo chinthu pa mtengo woyamba. Wa tomato akandiona ndikubwera amayamba kudandaula ndisanatsegule pakamwa. Ndinkanyada nazo zimenezi, ndisaname. Amayi atamwalira, alongo anga awiri amene ali m'tauni anangosiya zonse za atate m'manja mwanga. Ukawaimbira foni yankho linali limodzi: "Basisi ndiye badziwa."

Chaka china, mwezi wa Okutobala, dzuwa likuwotcha ngati lakwiya, atate aang'ono anafika pa makina anga masana. Anakhala pa mpukutu wa nsalu, anavula chipewa, anayamba kukamba za mvula, za mtengo wa feteleza, za tayala la njinga. Ndinawasiya azungulire. Potsiriza anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Mama, atate ako mkodzo ukuwavuta. Zinayamba kale. Iwe sangakuuze, ndiwe mwana wamkazi."

Ndinapsa mtima. Ndinati, "Kale liti? Ndiye inu amuna awiri mwakhala mukubisirana chiyani? Mbewa ya manyazi inafera kuuna!" Iwo anangopukusa mutu. Ndinatseka makina tsiku lomwelo n'kukwera galimoto ya ku Bundabunda. Ndinawapeza atate atakhala pansi pa mtengo wa mango, atapinda thupi, thukuta lili kamukamu. Atandiona anayesa kuwongoka kuti aoneke bwino, koma zinakanika.

Ku kiliniki anawaika kapaipi kotulutsa mkodzo, kolowera m'thumba la pulasitiki, n'kutipatsa kalata yopita kuchipatala china cha kufupi ndi Lusaka kumene kunali dokotala wa matenda amenewa. Tinapita pa minibasi. Podutsa pa Silverest atate ankaloza nyumba zatsopano zamipanda n'kumandiuza kuti pamenepo kale ankasakapo mbewa. Ankalankhula kwambiri tsiku limenelo, ndikuganiza kuti ankafuna ndisayang'ane thumba lija limene analibisa m'jekete.

Dokotala anali mayi wachitsikana, wolankhula mosapita m'mbali. Anati mwa amuna akakalamba muli kachiwalo kamene kamatupa n'kutseka njira ya mkodzo. Anati, "Kapaipi aka n'kongothandizira. Chofunika ndi opaleshoni, ndipo musachedwe nayo. Mkodzo ukamabwerera umawononga impso." Ndalemba mawu amenewa monga anawanenera, kuti wina asadzandikhululukire ponena kuti sindinauzidwe. Ndinauzidwa, ndipo ndinamva ndi makutu anga awiriwa.

Pa windo lolipirira anandiuza mtengo wake, pamodzi ndi zoyeza magazi ndi zojambula m'mimba. Unali mtengo wa ng'ombe imodzi yonenepa. Mwachizolowezi ndinayamba kunenerera ngati ndili pamsika, mayi wa pawindoyo mpaka anaseka. Kenako anasuzumira kumene kunakhala atate n'kufunsa kuti, "Mami, batate banu bali na zaka zingati? Nkhalamba sizilipila, boma imazilipilila inshuwalansi. Yendani pa tebulo paja mukalembetse khadi."

Khadi imeneyo ndinkaidziwa, atate aang'ono anali nayo, ndipo mankhwala awo a shuga ankangokatenga osatulutsa kanthu. Ndinathamangira patebulopo. Panali mnyamata wa tayi, waulemu ndithu. Anatenga reji ya atate, anaiyang'ana, anagogoda pa kompyuta, kenako anati, "Mami, apa pasala zaka zitatu kuti bakwanitse."

Ndinati, "Iwe, tawayang'ana bwino. Imvi zonsezo sukuziona? Mano atha m'kamwa!"

"Naziona imvi, mami. Manje kompyuta siona imvi, iona reji."

Anandifotokozera modekha. Anati tikhoza kuwalembetsa ngati wina aliyense, n'kumalipira pang'ono mwezi ndi mwezi, koma khadi yotero imadikira miyezi ingapo isanayambe kugwira. Apo ayi, ngati chaka cha pa reji chinalakwikadi, tipite ku ofesi ya mareji akakonze, tikabwera ndi yatsopano awalembetsa ngati okalamba.

Panja panali benchi pansi pa mtengo. Ndinawauza atate zonse. Anasisita bondo, kenako anati, "Gulitsa ng'ombe imodzi, mama. Yakuda ija, ndiyo yaulesi."

Ndinakana. Ndipo zifukwa ndinali nazo, zomveka bwino, moti ngakhale lero ndikazitchula zimamvekabe ngati nzeru. Joko yolimira imafuna ng'ombe ziwiri, ukagulitsa imodzi yotsalayo yasanduka ndiwo chabe. Mvula inali pafupi. Munda umene ng'ombezo zinkalima ndi umene unkadyetsa atate, atate aang'ono ndi ana a malemu mng'ono wanga. Koma chachikulu, chimene chinkandiyabwa mumtima, chinali chakuti tilipire bwanji chinthu chimene anzathu akulandira chaulere? Ndinati, "Atate, ukalamba wanu si wobera, mwakalamba zoona. Ndipatseni milungu iwiri yokha. Reji imeneyi ndiikonza."

Atate anandiyang'ana, n'kumwetulira pang'ono. "Chabwino. Iwe ndiye udziwa."

Atate aang'ono okha ndi amene anandiletsa. Tsiku lotsatira, titakhala pakhonde ku Bundabunda, anati, "Mama, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ng'ombe zili m'khola umu, tikuziona. Za maofesi sitidziwa kuti zitha liti." Ine ndi kamwa langali ndinawayankha kuti, "Inu khadi muli nayo, mankhwala mukumwa aulere, ndiye mukufuna akulu anu ataye ng'ombe? Chilungamo chake chili pati?" Anatenga chipewa chawo n'kupita. Sanabwerezenso. Za kulipira mwezi ndi mwezi zija ndinazikankhira kumbali, ndinati miyezi imeneyo ndi yambiri, ine ndithana nazo msanga.

Ku ofesi ya mareji anati sangasinthe chaka ndi mawu apakamwa. Pankafunika umboni wolembedwa kalekale, wa kusukulu kapena wa ubatizo, komanso mwini wake adzalumbire, pali mboni yapachibale. Sukulu imene atate anaphunzirako inagwa kalekale. Koma anabatizidwa ali khanda ku tchalitchi cha kumudzi kwathu, ndipo atate anati mabuku akale azungu a mishoni ankasunga bwino. Ndinasiya nsalu za anthu zili zodulidwa, ndinakwera basi ya ku Katete.

Ndinaganiza kuti ndigona masiku awiri. Ndinagona masiku khumi. Abusa anali atapita kumsonkhano. Atabwera anati mabuku akale anawasamutsira ku tchalitchi chachikulu, ulendo wa theka la tsiku pa njinga yamoto. Kumeneko mkulu wosunga kiyi anali kumunda wake wakutali, akudzala, chifukwa mvula yoyamba inali itagwa. Ndinamudikira masiku atatu, ndikugona kwa asuweni amene ndinali ndisanawaonepo. M'mawa uliwonse ndinkaimbira atate, ndipo m'mawa uliwonse ankati, "Ndadzuka bwino, usade nkhawa."

Mkuluyo atabwera anatsegula bokosi lachitsulo lonunkha mphemvu. Tinatsegula mabuku anayi, masamba ake ofiirira, ena akuthothoka m'manja. M'buku lachinayi ndinaona dzina la agogo aamuna, la agogo aakazi, ndi la atate pansi pake, lolembedwa ndi inki yopendekera. Chaka chinali chomwecho chimene ankanena. Ndinalira pomwepo, mkulu uja mpaka anasowa chochita. Ndinaimba foni ndikufuula kuti, "Atate, ndakupezani! Muli m'buku!" Iwo anaseka, kuseka kwawo kwakale kuja, n'kunena kuti, "Ehe! Ndinadziwa ine." Ndinabwerera ndi kalata ya abusa yodinda chidindo, nditaiika m'kati mwa bulauzi. Milungu iwiri ija inali itatha kale, wachinayi ukuyamba.

Tsiku lolumbira linali mu Disembala. Atate anavala jekete yawo ya mkulu wa mpingo. Thumba la mkodzo lija ndinali nditalisokera kachikwama ka chitenje kokhala ndi lamba, kuti azikoleka paphewa anthu aziyesa muli Baibulo. Atate aang'ono anabwera ngati mboni. Bwana wolumbiritsa anawerenga kalata ya abusa, anayang'ana reji, kenako anafunsa kuti, "Nanga madala, chinachitika n'chiyani kuti mulembetse chaka china?"

Ndinayembekezera kuti atate ayamba nkhani ija ya amalume ndi ndevu, ndipo ofesi yonse iseka. Koma sizinatero. Nkhani imene anaikamba moyo wawo wonse inakana kutuluka. Munthu amene Lamulungu lililonse ankaima kutsogolo kudzudzula achinyamata, anayang'ana nsapato zake n'kunena ndi mawu aang'ono kuti, "Ndinanama, bwana." Kenako anafunsa ngati awalanda ndalama zimene analandira popuma ntchito. Bwanayo anati iye za zimenezo sakudziwa, ntchito yake ndi kulumbiritsa. Atate aang'ono anasaina kuti uyu ndi mkulu wanga, mimba imodzi. Kuyambira tsikulo sindinamvenso atate akukamba nkhani ya reji.

Ku ofesiko anati mapepala apita ku Lusaka, tidikire. Panabwera Khirisimasi, panabwera chaka chatsopano. Ine ndinali pakalapakala ndi mayunifolomu, ndikusoka kuyambira m'mawa mpaka maso kuchita chidima, chifukwa makolo a ana asukulu amene ndinawathawa mu Novembala anali pakhosi panga. Ku Bundabunda ndinkapita Loweruka lokha. Chimanga chinali chitamera bwino, mizere yowongoka, ng'ombe zija zitagwira ntchito yake. Ndinkaima m'mphepete mwa munda n'kumadziuza kuti ndinachita bwino.

Koma atate ankasintha. Loweruka lina ndinapeza adula nsapato zawo kutsogolo ndi mpeni, chifukwa mapazi anali atatupa. Lina ndinapeza chakudya cham'mawa chikadali pambale masana, ntchentche zili ng'waa. Ankati m'kamwa mukuwawa ngati alawa chitsulo. Ankagona masana, iwo amene ankati kugona dzuwa lili pamutu ndi ufiti. Titapita ku kiliniki kukasintha kapaipi, nesi amene anatilembera kalata uja anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Kansi opaleshoni ija simunayende?" Ndinati tikudikira khadi. Anangolemba m'buku mwake.

Apa mantha anandigwira. Lolemba ndinapita ndekha kuchipatala kuja kukafunsanso pawindo. Mtengo unali utakwera. Mayi uja anati zonse zakwera, mankhwala, ulusi wosokera, ngakhale magolovesi, pakuti zonse zimachokera kunja. Ndinaitana ogula ng'ombe awiri kuti akaone yakuda ija. Inali Januwale, aliyense akugulitsa ziweto kuti ana apite kusukulu, ndipo ng'ombe zinali zitaonda ndi joko. Mtengo umene anatchula unali wachipongwe. Kuti opaleshoni itheke tsopano pankafunika ng'ombe zonse ziwiri.

Pamenepa ndi pamene ndimafika ndikamaganiza, n'kuima. Za mu Okutobala ndikhoza kudzikhululukira, sindinkadziwa kuti zitenga nthawi yotani. Koma mu Januwale ndinkaona ndi maso. Amuna anga, amene salowerera za kwathu, anandiuza kuti, "Amake mwana, gulitsani zonse. Ng'ombe tidzagula zina." Mlongo wanga wina anaimba foni n'kunena zomwezo. Ine ndinati, "Nditaye ng'ombe ziwiri pa mtengo wa mbuzi, reji ikutuluka sabata ino? Ulendo wa ku Katete uja ndinayendera chiyani? Atate anachita manyazi pamaso pa anthu chifukwa cha chiyani?" Ndinawathamangitsa ogula aja, mmodzi ndinamutukwana n'kumutukwana. Ndinali nditalowetsa zambiri m'njira imeneyi moti kubwerera kunkandiwawa kuposa kupitirira. Si umphawi umene unandigwira dzanja tsiku limenelo, ndi liuma langa.

Sabata imeneyo reji sinatuluke, ngakhale yotsatira. Lolemba lililonse ndinkapita ku ofesi, mpaka mlonda wa pageti anayamba kundipatsa moni ngati wantchito mnzake. Atate sanatchulenso za ng'ombe. Ndikafika ankangofunsa kuti, "Zili pati, mama?" Ndikati zatsala pang'ono, ankagwedeza mutu n'kutseka maso. Akanandikalipira bwenzi zili bwino, mwina ndikanagonja. Koma ankandikhulupirira, ndipo chimenecho ndi chimene chimandipweteka kwambiri.

Reji inatuluka mu Febuluwale, chimanga chikumasula. Pa chithunzi chatsopanocho atate anaoneka otupa nkhope, koma chaka chinali choona. Ndinapita nayo kwa mnyamata wa tayi uja. Anandikumbukira. Anagogoda pa kompyuta n'kunena kuti, "Manje yavomela, mami. Mwalimba mtima." Atanditumizira uthenga kuti khadi yayamba kugwira, ndinachita hayala galimoto, chifukwa atate sakanathanso kukwera minibasi. Tinawanyamula ndi atate aang'ono, wina uku wina uku. Anali opepuka kumtunda, olemera kumiyendo.

Pawindo sanatifunse kanthu. Anangoona khadi, n'kutilozera khomo. Anawayeza magazi, anawajambula, zonse zija zimene mu Okutobala zinali pa mtengo. Masana dokotala uja anandiitana ndekha m'kachipinda kake, n'kutseka chitseko. Anati, "Impso zonse ziwiri zatopa kwambiri. Opaleshoni panopa singatheke, thupi lawo silingapirire. Tiwagoneka, tiyesa zimene tingathe."

Ndinafunsa kuti, "Tikanabwera mu Okutobala muja?"

Anandiyang'ana, kenako anayang'ana mapepala ake. "Mayi, tiyeni tione za lero."

Sanafune kundipweteka, koma yankho ndinalimva. Ndinatuluka, ndinakalowa m'chimbudzi cha azimayi, ndinatsegula mpopi kuti anthu asamve, n'kulira ndikuluma chitenje. Mayo ine, ndinalira. Kenako ndinasamba kumaso, ndinamanganso duku, n'kupita ku wodi. Atate aang'ono anali pakhomo. Anangondiyang'ana kumaso n'kudziwa. Ndinadikira kuti andikumbutse mawu awo aja a pakhonde, ndinali wokonzeka kuwalandira. Iwo anangondigwira paphewa n'kunena kuti, "Lowa, akukufunsa."

Atate anakhala masiku asanu m'chipatalamo, n'kutisiya m'mawa wa tsiku lachisanu ndi chimodzi, ine ndikuwapukuta kumaso. Zonse zimene madokotala anayesa inalipira ndi khadi ija. Sindinawauze zimene dokotala ananena, ndipo iwo sanandifunse kuti opaleshoni ichitika liti.

Tsiku lachitatu anatsitsimukako. Diripi inali itawathandiza, anamwa phala masipuni angapo, anapempha kuti ndiwakhazike tsonga. Bedi lawo linali pafupi ndi windo, nsalu zake zoyera bwino, ndipo ankazisisita ndi dzanja. Pa bedi loyandikana panali bambo wina wa ku Chalimbana, wocheperapo msinkhu, amene analibe khadi. Mkazi wake ankangotuluka ndi kulowa, foni ili kukhutu, akupempha achibale. Tinamva kuti agulitsa kale njinga ndi mbuzi zonse, tsopano akukambirana za munda.

Atate anamvetsera kwa nthawi, kenako anatembenuka n'kuitana bamboyo. "Achimwene, mukumuona mwana wanga uyu? Uyu si munthu wamba. Anapita mpaka ku Katete kukandifukula m'buku la ubatizo. Maofesi onse amamudziwa. Ine pano ndagona ngati bwana, sindinatulutse ngakhale ngwee imodzi. Ng'ombe zanga zonse ziwiri zili m'khola." Mawu ankatuluka pang'onopang'ono, akupumira pakati, koma nkhope inali yowala. Anandikoka dzanja. "Mama, tawafotokozera mayiwa mmene unachitira. Mwina nawonso angathandizike."

Mayi uja anasendera pafupi, maso ali pa ine, foni ataifumbata. Ndinafuna kumuuza kuti gulitsani mundawo lero lomwe, musadikire munthu. Koma atate anali akundiyang'ana, akudikira. Ndiye ndinafotokoza. Ndinayambira pa tebulo la mnyamata wa tayi, ofesi ya mareji, kalata ya abusa, kulumbira, mboni, zonse mwatsatanetsatane, mawu anga ali bwinobwino ngati ndikuphunzitsa munthu kudula kolala. Atate ankagwedeza mutu pa mfundo iliyonse, pena n'kuwonjezera zimene ndadumpha.

Mpaka lero sindidziwa ngati ankakhulupiriradi zimene ankanenazo, kapena anali atadziwa zonse n'kufuna kundichotsera katundu asanapite. Atate anali ochenjera kuposa ine. Ndafunsapo atate aang'ono, iwo amangoti akulu anali munthu wovuta kumuwerenga.

Nditamaliza, anatsamira pakhoma atatopa. Anatseka maso, dzanja langa akadaligwira. Ndinayesa agona. Kenako anati, "Waona, mama? Ukanandimvera ine tsiku lija pa benchi, bwenzi titataya ng'ombe pachabe."

Ndinati, "Inde, atate," n'kuwakonzera pilo.